Kukwera Table Mountain koyamba: funsani za mphepo musanatseke chitseko

Pali abale athu ambiri kuno ku Cape Town amene akhala zaka zisanu, ena khumi, akuliona phiri la Table Mountain m'mawa ndi madzulo koma sanapondepo pamwamba pake. Ena amagwira ntchito m'mayadi ku Camps Bay ndi ku Oranjezicht, m'tsinde mwenimweni mwa phirili, koma ukawafunsa amangoti zimenezo n'za azungu odzaona malo. Kenako December akwana, mayi a ana abwera kuchokera kumudzi, kapena achimwene atsika kuchokera ku Johannesburg, ndipo funso loyamba ndi lomwe lija: mutitengera liti kuphiri kuja timaona pa zithunzi? Apa m'pamene munthu amazindikira kuti njira yake saidziwa.

Manyazi amenewa ndinawaonapo ine. Ndinanyamula alendo anga tsiku Lamlungu, tsiku lokhalo limene sindigwira ntchito, tonse titatchena, ndalama ya thiransipoti n'kulipira. Kukafika m'munsi mwa phiri tinapeza cable car sikuyenda chifukwa cha mphepo. Wolakwa ndinali ine, sindinafufuze. Ndiye tiyambire pomwepo, chifukwa ulendo wa kuphiri ili saulamulira munthu, amaulamulira ndi mphepo.

Amene munakulira kunyanja, ku Mangochi, ku Nkhotakota kapena ku Nkhata Bay, mukuudziwa mwera. Ukayamba, msodzi wanzeru amakokera bwato lake kumtunda. Ku Cape Town kulinso mphepo yotero, yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene eni dziko amaitcha Cape Doctor. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu mwera umavuta m'nyengo yozizira, pamene kuno mphepoyi imakula mphamvu nthawi yotentha, makamaka kuyambira November mpaka February, nthawi yomweyo imene alendo athu amabwera. Ikamawomba imakankhira mtambo woyera pamwamba pa phiri, n'kumatsikira m'mbali ngati nsalu ya patebulo. Ukauonera m'tauni ndi wokongola zedi. Ukakhala m'kati mwake ndi chifunga chozizira choti sungamuone mnzako amene ali patsogolo pako.

Mphepo ikakula, a kampani ya Table Mountain Aerial Cableway amaimitsa cable car, ndipo palibe kunyengerera. Choncho m'mawa wa tsikulo, musanasambitse n'komwe ana, tsegulani webusaiti yawo pa foni. Amalembapo ngati atsegula kapena atseka, nthawi ya ulendo womaliza, ndi mitengo ya matikiti. Yang'ananinso phirilo ndi maso anu. Ngati lavala nsalu ija, sinthani pulogalamu, pitani nawo alendowo kunyanja kapena ku Company's Garden. Dziwaninso kuti m'nyengo yozizira, cha m'ma July ndi August, amakonda kutseka kwa masabata angapo kuti akonze makina. Nyengo imeneyi ndiyonso ya mvula kuno, mosiyana ndi kwathu.

Tsopano kayendedwe. Kulikonse kumene mukukhala, choyamba fikani m'tauni. Okhala ku Wynberg, Retreat, Muizenberg ndi Fish Hoek ali ndi sitima ya Metrorail imene imathera pa siteshoni yaikulu ya Cape Town. Mateksi ambiri ochokera m'malokeshoni amatsitsa pamwamba pa siteshoni yomweyo. Okhala ku Dunoon ndi ku Table View amakwera basi ya MyCiTi mpaka pa Civic Centre. Ngati mlendo wanu wangotsika kumene pa basi ya ku Johannesburg, atayenda makilomita pafupifupi 1,400, chonde musamutengere kuphiri tsiku lomwelo, muloleni agone kaye.

Kuchokera pa Civic Centre, pamene ndi pafupi ndi siteshoni ya sitima, kwerani basi ya MyCiTi nambala 106 kapena 107, zopita ku Camps Bay. Musakafike ku Camps Bay ayi, mutsikire pa Kloof Nek, pamwamba pa chitunda pamene misewu imagawikana. Chimene chimagwetsa anthu ambiri apa ndi khadi. M'mabasi a MyCiTi dalaivala salandira ndalama. Pamafunika khadi lotchedwa myconnect, logula pa siteshoni n'kuikamo ndalama, ndipo aliyense amafunika lakelake. Mumaligunditsa pa makina pokwera, n'kuligunditsanso potsika, apo ayi akudulani ndalama yachilango. Ndiye ngati muli anayi ndipo atatu ndi alendo opanda makhadi, werengerani bwino. Nthawi zambiri kuitana Uber kapena Bolt kuchokera m'tauni n'kugawana mtengo sikusiyana kwenikweni ndi kugula makhadi atatu oti agwira ntchito tsiku limodzi, komanso galimotoyo imakakusiyani pakhomo penipeni. Palinso mabasi ofiira aja a City Sightseeing, osafolera pamwamba, amene amaima pa cable car pomwepo. Ndi abwino ngati mukufuna kuzungulira mzinda wonse tsiku lonse, koma kukwera amenewo pofuna kungofika kuphiri n'kuwononga ndalama.

Pa Kloof Nek samalani, chifukwa pali misewu ingapo. Mukamachokera m'tauni, wolowera kumanja ndi wopita ku Lion's Head ndi Signal Hill. Wotsetsereka kutsogolo ndi wa ku Camps Bay. Wanu ndi wa kumanzere, Tafelberg Road. Kuchokera pamenepo kukafika pa siteshoni ya m'munsi ya cable car ndi mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi ndi theka, wokwera pang'onopang'ono, ulendo wa mphindi 20 kapena 30 mukakhala ndi ana. Obwera pa galimoto yawo amaimika m'mbali mwa msewu womwewu, ndipo mukachedwa mukaimika kutali. Musasiye chikwama kapena jekete poonekera m'galimoto.

Za mtengo ndisakubisireni, ndi wowawa kwa munthu wolandira malipiro a pa tsiku. M'zaka zaposachedwapa tikiti ya munthu wamkulu yokwera ndi kutsika yakhala ikuposa R400. Ana amalipira yotsikirapo, ndipo osakwana zaka 4 amakwera ulere. Mwina munamva anzanu kuntchito akunena kuti munthu amakwera ulere pa nthawi yokumbukira kubadwa kwake. N'zoona, koma mwayi umenewu amaupereka kwa oonetsa ID ya South Africa, ndiye inu a pasipoti ya kwathu musanyamuke mukudalira zimenezo. Tikiti ndi bwino kugulira pa intaneti kuti mupewe mzere wa pa windo, ngakhale kuti mzere wokwerera sungauthawe. M'masiku a Khrisimasi ndi chaka chatsopano anthu amaima padzuwa ola lathunthu kapena kuposa. Mankhwala ake n'kulawira, kufika asanatsegule.

Cable car imeneyi inayamba kuyenda pa 4 October 1929. Zimene zikuyenda panozi anaziika mu 1997, ndipo imodzi imanyamula anthu 65. Ndi ngati kanyumba kozungulira kolendewera pa zingwe zachitsulo, ndipo kamakwera kuchoka pa mamita 363 kufika pa mamita 1,067 m'mphindi pafupifupi zisanu zokha. Mukalowa musalimbirane malo a pa windo. Pansi pamene mwapondapo pamazungulira, moti aliyense amaona mbali zonse asanafike pamwamba. Makoma ndiwo sazungulira, ndiye agogo akagwiritsa chitsulo cha m'mbali adzangoona mkono ukutsalira m'mbuyo. Auzeni musanalowe kuti asachite mantha. Kunsi kwake kuli thanki imene amanyamuliramo madzi opita pamwamba, ndipo kulemera kwa madziwo kumathandiza kuti isagwedezeke kwambiri ndi mphepo.

Pamwamba pamazizira kuposa m'tauni, ngakhale tsiku lotentha. Tengani juzi kapena jekete la aliyense, ndi chitenje chofunditsa mwana. Pali zimbudzi, malo odyera ndi sitolo, koma mitengo yake ndi ya anthu a madola, choncho nyamulani buledi, nkhuku yootcha ndi madzi anu m'chikwama. Tinjira ta pafupi ndi siteshoni ndi tosalala, munthu wachikulire amayenda bwinobwino. Kuchokera pamenepo mumaona mzinda wonse, doko, Lion's Head ili m'munsi mwanu, ndi chilumba cha Robben Island kumene Nelson Mandela anakhala zaka 18, kuyambira 1964 mpaka 1982. Pa miyala mupeza mbira zambiri, kuno amati dassie. Zinazolowera anthu koma zimaluma, ndipo kuzipatsa chakudya n'koletsedwa. Za moto ndiye musayerekeze, ngakhale kotsalira ka fodya. Moto umene unabuka m'mbali mwa phirili mu April 2021 unafika mpaka pa yunivesite ya Cape Town n'kutentha laibulale ya Jagger.

Chinthu chimodzi chimene oyamba kumene sachidziwa ndi ichi. Mukamva kulira kwa hutala muli pamwamba, ndiye kuti mphepo yayamba kukula ndipo akufuna kutseka. Siyani zojambulazo, sonkhanitsani ana, thamangirani ku siteshoni. Mukatsalira, njira yotsala ndi ya miyendo, maola awiri kapena kuposa pa miyala, mwina mutavala nsapato za kutchalitchi ndipo mwana ali kumsana. N'chifukwa chake ndimati ngakhale mwagula tikiti yokwera ndi kutsika, valani nsapato zoti mungayende nazo, ndipo musadikire ulendo womaliza.

Kukakhala kowala bwino ndipo nthawi ilipo, anyamata ndi atsikana amphamvu angathe kuyenda mpaka pa nsonga yeniyeni, mamita 1,086, ulendo wa pafupifupi ola limodzi kupita kokha. Pamenepo pali mulu wa miyala wotchedwa Maclear's Beacon. Dzinali si lachilendo kwa ife. Thomas Maclear anali katswiri wa za nyenyezi kuno ku Cape Town, ndipo anali mnzake wa David Livingstone. Livingstone atafika ku nyanja yathu anatcha malo ena dzina la mnzakeyo, ndiye Cape Maclear ija ya ku Chembe, m'boma la Mangochi. A ku Mangochi mukafika pamenepo jambulitsani, mukawaonetse kumudzi.

Nanga amene ndalama ya tikiti palibe? Kukwera wapansi ndi kwaulere, palibe geti, palibe wofunsa mapepala a tikiti. Koma apa ndiye ndiyankhule motsindika, chifukwa ife a kwathu tili ndi kamwano kena. Timati tinakwera Mulanje, kumene Sapitwa imafika mamita 3,002, tinakulira m'mapiri a Dedza ndi Zomba, ndiye aka n'kachulu chabe. Phiri ili ndi lalifupi inde, koma limayambira pa nyanja penipeni, m'mbali mwake ndi maphompho oongoka, ndipo nyengo imatembenuka m'kanthawi kochepa. Anthu amafa paphirili, ena mwa iwo odziwa kukwera mapiri.

Njira ya munthu woyamba ndi imodzi, Platteklip Gorge. Mukafika pa siteshoni ya m'munsi pitirirani ndi Tafelberg Road pafupifupi kilomita ina ndi theka, mudzaona chikwangwani kumanja. Ndi mpata waukulu umene umaoneka ngati mng'alu pakati pa phiri mukaliyang'ana muli m'tauni. Mzungu woyamba wodziwika kukwera phirili, Mpwitikizi António de Saldanha, anadzera momwemo mu 1503. Simungasochere, koma ndi masitepe a miyala okhaokha, maola awiri kapena atatu, ndipo mthunzi ndi wosowa. Nthawi yotentha yambani kukangocha. Munthu aliyense anyamule madzi malita awiri, chipewa ndi jekete. Mukatulukira pamwamba, kumanja ndi kopita ku cable car, mphindi 15 kapena 20, kumanzere ndi kopita ku Maclear's Beacon. Ambiri amakwera wapansi n'kugula tikiti yotsikira yokha, imene ndi yotsika mtengo, ndipo mawondo amathokoza. Komabe nyamukani mukudziwa kuti mwina mukapeza atseka, ndiye musunge mphamvu ndi nthawi yotsikira mmene munadzeramo. Mu December dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko, koma mu June 6 koloko isanakwane kwayamba kale kuda.

Pafupi ndi siteshoni ya m'munsi pali njira ina yotchedwa India Venster, yodutsa kunsi kwa zingwe. Imakopa chifukwa ili pafupi ndipo imaoneka yachidule. Isiyeni. Ili ndi malo okwera chokwawa m'mphepete mwa phompho, ndipo yapha anthu. Musatsatirenso tinjira tongoona kuti ena anadutsapo.

Palinso nkhani ya achifwamba. M'njira zina za phirili, makamaka zopanda anthu ambiri, anthu akhala akulandidwa mafoni ndi zikwama. A SANParks, amene amayang'anira malowa, amalangiza kuyenda m'gulu la anthu anayi kapena kuposa. Pitani Loweruka kapena Lamlungu m'mawa pamene njira ili yodzaza, ndipo muuzeni wina wotsala kunyumba njira imene mwadzera ndi nthawi imene mukuyembekeza kubwera.

Foni ikhale yodzaza moto, ndipo musananyamuke sungani nambala iyi: 021 937 0300. Ndi yoitanira a Wilderness Search and Rescue, gulu lopulumutsa anthu m'mapiri a kuno. Ndikudziwa mtima wathu ife obwera, timaopa kuimba foni zotere poganiza kuti atilipiritsa ndalama zoti sitingakwanitse, ndiye munthu wathyoka mwendo anzake n'kumayesa kumunyamula okha mumdima. Ntchito yopulumutsayi salipiritsa. Wina akavulala, kapena chifunga chikakutsekerani moti njira simukuionanso, khalani pomwe mulipo, valani zofunda, khalani pamodzi, imbani. Auzeni dzina la njira imene munadzera ndi nthawi imene munayamba kukwera.