Mayi Amene Anafufuza Moyo wa Chambo

Aphunzitsi anzanga, ophunzira athu ambiri m'makomboni a migodi ku Bindura makolo awo anachokera ku Malawi. Mukangotchula chambo, ngakhale amene amaodzera amadzuka. Yambirani pamenepo pophunzitsa tanthauzo la kafukufuku.

Rosemary Lowe-McConnell anabadwira ku Liverpool mu 1921. Kuyambira 1945 mpaka 1947 anali kummwera kwa Nyanja ya Malawi. Ankayeza nsomba, kuzitumbula, n'kulemba zimene zadya komanso ngati zili ndi mazira. Anaonetsa kuti mitundu ya chambo, ngakhale imafanana maonekedwe, imasiyana nyengo ndi malo oswanirana. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa. Ndiye mukachikola nyengo imeneyo, mwapha ndi ana omwe. Lipoti lake la 1952 linakhala poyambira pa kasamalidwe ka chambo.

Atakwatiwa mu 1953 anachoka pantchito, poti malamulo a atsamunda sankalola mkazi wapabanja kupitiriza. Koma kafukufuku sanamusiye ayi. Anafufuzanso nsomba za ku Guyana, ndipo buku lake la 1987, Ecological Studies in Tropical Fish Communities, laphunzitsa akatswiri ambiri. Anamwalira mu 2014. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika chambo m'gulu la nsomba zimene zatsala pang'ono kutheratu.

Ntchito

1. Ophunzira atchule nsomba zimene amagula pamsika ndi kumene zimachokera.
2. Akambirane m'magulu: n'chifukwa chiyani nyanja imatsekedwa nyengo yoswana?
3. Aliyense alembe ziganizo ziwiri pa zimene akambirana.