TENTI KAPENA KALAVANI: TIKAGONA M'CHIYANI PA ULENDO?

Sukulu zikatsekera m'nyengo yopanda mvula, mabanja ena ndi magulu a achinyamata a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri amanyamuka kukapuma kunja kwa mzinda. Ena amalowera ku Mulanje, ena amakwera phiri la Zomba, ena amatsikira kunyanja, ndipo ambiri mwa iwo amagona m'matenti. Tsono kunyanjako nthawi zina amakumana ndi alendo ochokera ku South Africa atakoka kanyumba ka matayala kumbuyo kwa galimoto, kamene kamatchedwa kalavani, ndipo mtima umayamba kusirira. Funso lathu mwezi uno ndi lakuti: kodi banja limene lazolowera tenti lingapindule chiyani, nanga lingataye chiyani, litaisiya ndi kugula kalavani?

Chiyambi chake

Zinthu ziwirizi zinabadwa ndi zolinga zosiyana. Gulu la Boys' Brigade, limene William Alexander Smith analiyambitsa ku Glasgow mu 1883, linachita msasa wake woyamba mu 1886. Mu 1907 Robert Baden-Powell anatengera anyamata pa chilumba cha Brownsea nakagona nawo m'matenti, ndipo apo ndi pamene panaphukira gulu la ma Scout. Kwa atsogoleri amenewa msasa unali sukulu yophunzitsira khalidwe. Kalavani yoyamba yoyendera maulendo osangalala inamangidwa mu 1885, mwini wake anali Dr William Gordon Stables, ndipo inkakokedwa ndi akavalo. Iyo inali ya munthu wopeza bwino wofuna kuyenda ndi nyumba yake. Kusiyana kumeneku kudakalipo mpaka lero.

Ubwino wa kalavani

Tisabise, kalavani ili ndi zokoma zake. Munthu amagona pabedi, patali ndi dothi, ndipo mvula kapena mphepo ya chiperoni ya mu June ndi July simupeza. Abale athu amene anakhala m'misasa namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba mu Blantyre mu March 2023, ena m'makalasi ndi ena m'matenti, akudziwa bwino mmene tenti imazunzira pansi pakanyowa. Kwa agogo odwala nyamakazi, kapena mayi wa mwana wakhanda, kugona pamalo ouma ndi otentha si nkhani yamasewera.

Chachiwiri, kalavani ili ndi chitseko chokhoma. Katundu amasungika, anyani sangalowe kukaba chakudya, ndipo mazenera a sefa amaletsa udzudzu, chinthu chofunika kwambiri kunyanja ndi ku chigwa cha Shire kumene malungo ndi ochuluka. Chachitatu, mukafika usiku mutatopa simuvutika ndi kukhoma zikhomo mumdima. Mapoto, mbale ndi zofunda zimakhala zili kale m'malo mwake.

Zovuta zake

Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Kalavani imachokera kunja, motero pamtengo wake muwonjezepo msonkho, kulembetsa ku ofesi yoona za pamsewu, ndiponso inshuwalansi. Pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chogula kunja chinakwera mtengo, kuphatikizapo matayala ndi zipangizo zokonzera. Ndiponso kalavani siyenda yokha. Yambiri imalemera pafupifupi tani imodzi kapena kupitirira, choncho imafuna galimoto yamphamvu, ndipo galimotoyo ikamakoka imamwa mafuta ambiri koposa masiku onse.

Nanga mukabwerako mudzaiika kuti? M'madera athu ambiri mapuloti ndi ang'onoang'ono, tinjira n'topanikiza, ndipo nyumba zina zili m'mphepete mwa phiri kumene ngakhale galimoto sifika pakhomo. Kalavani imakhala miyezi yambiri ili chiimire, dzuwa likuiwomba, matayala akuuma, mwina mukulipiranso malo oisungira. Tenti mumaiyanika, kuipinda ndi kuiika pansi pa bedi.

Misewu nayonso ili ndi mawu ake. Wopita ku Majete ayenera kutsika chitunda cha ku Chikwawa, ndipo wokwera ku Zomba amakumana ndi makona akuthwa. Pamalo otere katundu wolemera wakumbuyo amakankha galimoto, mabuleki amatentha, ndipo woyendetsa wosazolowera akhoza kuika banja lonse pangozi.

Chachikulu koposa ndi ichi: kalavani imathera pamene msewu wathera. Ku Mulanje ingafike pa Likhubula, koma Chambe, Lichenya ndi nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, zimafikika ndi miyendo yokha. Tenti imakwera minibasi, imasenzedwa pamsana, ndipo imapita kulikonse kumene mwini wake angapite. Kalavani imagoneka anthu anayi kapena asanu, pamene ndalama zomwezo zikhoza kugula matenti okwanira gulu lonse la achinyamata.

Chimene ana angataye

Makolo tiganizirenso za ana athu. Pomanga tenti aliyense amakhala ndi ntchito: wina agwira mtengo, wina akoka chingwe, wina akumba kangalande kuti madzi asalowe. Mnyamata amene kwawo satsuka mbale amaphunzira kutsuka. Mtsikana wamanyazi amapezeka akulangiza anzake mmene angamangire mfundo yolimba. Madzulo onse amasonkhana pamoto chifukwa palibe chipinda chothawirako. M'kalavani bambo amaimika galimoto, mayi amatsegula chitseko, ntchito yatha, ndipo ana amakhala ngati sanachoke pakhomo. Mavuto ang'onoang'ono a m'tenti ndiwo aphunzitsi enieni a pamsasa.

Njira yapakati

Ngati chimene chatitopetsa ndi kuzizira ndi kuwawa kwa msana, mankhwala ake si okwera mtengo chotero. Tenti yosadontha, pepala lolimba la pulasitiki loyala pansi, matiresi opyapyala ndi neti ya udzudzu zimachepetsa madandaulo ambiri. Agogo angathe kugona m'chipinda, monga ku Likhubula House, malo a achinyamata a Sinodi ya Blantyre, pamene ana akugona m'matenti. Okwera phiri la Mulanje amapezanso nyumba zogonamo pamwamba, monga za ku Chambe, Lichenya ndi Thuchila. Amene mtima wawo wakhazikikabe pa kalavani ayambe abwereka kwa ulendo umodzi, awerengere mafuta ndi zonse zimene zalowa, kenaka aganize bwino.

Chenjezo limodzi likhudza onse: musalowetse mbaula yamakala m'tenti kapena m'kalavani, ngakhale kuzizire motani. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha ndiponso suoneka, ndipo umatenga anthu ali m'tulo.

Tsono maganizo athu ndi akuti kalavani iyenera anthu achikulire amene ali ndi galimoto yamphamvu, malo oisungira, ndi nthawi yoyenda maulendo aatali kawirikawiri. Kwa banja la ana a sukulu, limene limatuluka kamodzi kapena kawiri pachaka, tenti ndiyo yaphindu. Ndalama zotsalazo zilipire fizi, ndipo zina zithandize mwana wa mnansi amene sanaonepo nyanja kuti apite nawo ulendo wotsatira.