Kompyuta yakale ingathe kuchepetsa zithunzi yokha

MUTARE - Mtolankhani amene wajambula zithunzi zambirimbiri za mathanki a mafuta ku Feruka, komwe kumafikira paipi yochokera ku Beira, amayamba watumizira mkonzi tizithunzi tating'ono kuti asankhepo. Kuchepetsa chimodzichimodzi pa kompyuta yakale kungadye tsiku lonse.

Pulogalamu yaulere ya ImageMagick, yomwe John Cristy anayamba kuilemba mu 1987 ku kampani ya DuPont, imagwira ntchitoyi ndi lamulo limodzi lokha: mogrify -path zazingono -thumbnail 160x160 *.jpg.

Lamuloli limatsegula zithunzi chimodzi pambuyo pa chinzake, n'chifukwa chake kompyuta ya memory yochepa siidodoma. Chithunzi chilichonse chimachepetsedwa mosapotoza maonekedwe ake, mbali yaitali osapitirira mapikiselo 160.

Ngozi ili pa mawu akuti -path. Foda ya zazingono iyenera kupangidwiratu, ndipo munthu akaiwala mawuwa, mogrify imalemba tizithunzito pamwamba pa zithunzi zenizeni popanda kufunsa. Ngati khadi la kamera lafufutidwa kale, zithunzi zazikuluzo zapita, ndipo nyuzipepala singasindikize kachithunzi ka mapikiselo 160.