Mkango sudya malonjezo: Kodi ndalama zosungira zinyama zicokere kuti?

ANTHU ambiri amene anakulira mu Lusaka akumbukira tsiku limene aphunzitsi anawakweza basi kupita ku Chilanga kukaona zinyama ku Munda Wanga. Kwa ana a m'makomboni, kumeneko ndiye kunali koyamba kuona mkango ndi maso, pakuti ulendo wa ku South Luangwa ndi wa anthu a ndalama.

Malowa anayamba m'zaka za m'ma 1950 monga munda wa maluwa ndi mitengo wa a Ralph Sander. Pambuyo pake analowa m'manja mwa boma, ndipo munaikidwa zinyama. Koma cuma ca dziko citagwa, makola anaonongeka ndipo zinyama zinabvutika. Mu 1998 bungwe la Munda Wanga Trust linatenga malowa ndi kuyamba kuwakonza ndi thandizo la anthu akufuna kwabwino.

Bvuto la malo otere ndi ili: opereka ndalama amakonda kumanga cinthu cooneka, monga khola latsopano kapena mpanda, cifukwa pamakhomedwa dzina lao. Koma mkango ufuna nyama, odwala afuna dokotala wa zinyama, anchito afuna malipilo pa kutha kwa mwezi. Ndalama za pa geti sizikwana, ndipo mukakweza mtengo, mwana wa sukulu uja atsala panja. Mu 2020, matenda a Covid-19 ataletsa maulendo, malo ambiri osungira zinyama pa dziko lapansi anasowa alendo, koma zinyama zinali kudyabe.

Komabe thandizo lalikulu la kunja likhoza kupezeka, ndipo umboni uli m'dziko lino. Bungwe la ku Germany la Frankfurt Zoological Society lakhala likugwira nchito ku North Luangwa kucokera mu 1986, ndipo mu 2003 zipembele zakuda zinabwezedwa kumeneko, opha nyama mozemba atazimaliza kale. Caka comweco ca 2003, bungwe la African Parks linayamba kuthandiza kuyendetsa Liuwa Plain, ndipo mu 2022 linasaina pangano la zaka 20 ndi boma pa Kafue National Park. Ku Chimfunshi, pafupi ndi Chingola, a David ndi a Sheila Siddle analandila chimpanzee mmodzi wobvulala mu 1983, ndipo malowo anakula mpaka kudziwika ku maiko akutali.

Kodi tiphunzirapo ciani? Coyamba, ndalama zikulu-zikulu zimatsata pangano la zaka zambiri, osati kalata yopempha ya caka cimodzi. Caciwiri, zimatsata colinga. Masiku ano ndi ocepa amene angalipilile cinyama congoyang'anidwa m'khola lothina, koma ambiri amamvera mukanena za kupulumutsa zinyama zolandidwa kwa ozembetsa ndi kuphunzitsa ana. Cacitatu, zimafuna mabuku a ndalama oyera.

Akulu anati walira mvula walira matope. Wopereka ndalama adzafuna kuona ngwee iliyonse kumene yapita, ndipo adzafunsa kuti eni dziko aikapo zingati. Apa ndiye pafunika boma, makampani a kuno kwathu ndi ife makolo. Gawo la msonkho wa zokopa alendo likhoza kupita ku cakudya ndi mankhwala a zinyama, kuti akunja amange pa maziko amene ife tayala.

Tikadikira alendo okha, adzukulu athu adzaona mkango pa cithunzi cabe.