Kulumikiza Citofu ca Gasi ku Silinda Popanda Ngozi

M'mizinda monga Lilongwe, Blantyre, Lusaka ndi Harare, mabanja ambiri amene kale anali kuphikira nkhuni ndi makala ayamba kugula gasi wa m'masilinda, ena cifukwa makala akwera mtengo, ena cifukwa magetsi amazima nthawi yeniyeni yotereka ndiwo. Gasi aphika msanga, sadetsa miphika, ndipo sadzaza nyumba ndi utsi. Koma pali nchito imodzi yofunika kuisamala kopambana, ndiyo kulumikiza citofu ku silinda, pakuti polumikizira pali ponse ndi pamene gasi angapeze mpata wothawira.

Zimene zinacitika mu mzinda wa London zionetsa kukula kwa nkhaniyi. Pa 16 May 1968, m'mamawa, mai wina wokhala pa nsanjika ya 18 ya nyumba yochedwa Ronan Point anakhwacha macesi kuti atereke madzi a tiyi. Gasi anali atadzaza kale m'khichini, ndipo anaphulika nakankhira kunja khoma limene linali kucirikiza nsanjika za pamwamba. Ngondya yonse ya nyumbayo, ya nsanjika 22, inagumuka, ndipo anthu 4 anafa. Ofufuza anapeza kuti cinalakwa ndi nati imodzi yamkuwa yolumikiza citofu ku paipi: inali yopyapyala, ndipo inang'aluka cifukwa anaimanga mopitirira muyeso. Gasi wa m'nyumba imeneyo anali wa m'mipope ya mumzinda, sanali propane ai, koma nati yong'aluka sisankha mtundu wa gasi.

Munthu ayenera kuyamba wadziwa khalidwe la cinthu cimene acilowetsa m'nyumba mwace. M'silinda, propane akhala ngati madzi cifukwa ali wopanikizidwa. Akatuluka asanduka mpweya nthawi yomweyo, popeza awira pa madigiri 42 kunsi kwa ziro. Lita imodzi ya madzi ace ipereka malita 270 a mpweya, ndipo mpweyawo uyaka ngakhale utangokhala magawo awiri okha pa magawo 100 a mpweya wa m'cipinda. Ndiye kuti lita imodzi yothawa ikwanira kusandutsa kakhichini konse ka mamita awiri m'mimba, awiri ndi theka m'litali ndi awiri ndi theka msinkhu kukhala cinthu congoyembekeza macesi. Cina nciti, propane alemera kuposa mpweya umene anthu apuma. Sakwera kudenga monga ucitira utsi. Atsikira pansi, nayenda ngati madzi kufuna malo otsika, kunsi kwa kabati, m'ngalande kapena m'dzenje, nakhala momwemo. Gasi wogulitsidwa m'maiko a kum'mwera kwa Africa kawirikawiri ndi wosanganiza propane ndi mnzace butane, ndipo onse awiri ali ndi khalidwe lomweli.

Pa yekha gasiyu alibe pfungo. Pfungo lija lonunkha ngati kabici wobvunda acita kuthiramo dala, ndi mankhwala ochedwa ethyl mercaptan. Mwambo wothira pfungo unakhwima pambuyo pa ngozi ya pa sukulu ya New London ku Texas m'caka ca 1937, pamene gasi wopanda pfungo anaunjikana kunsi kwa nyumba ya sukulu naphulika, nafa ana ndi aphunzitsi pafupifupi 300. Cifukwa cace amene anyansidwa ndi pfungolo adziwe kuti ndilo mlonda wace.

Colakwa coyamba cicitika m'sitolo, citofu cisanafike ndi kunyumba komwe. Zitofu zambiri zocokera kunja zituluka m'fakitale zitakonzedwera gasi wa m'mipope, monga amene ayenda m'mizinda ya ku Britain ndi m'madera ena a Johannesburg. Pa mutu uli wonse wa citofu pali kanati kamkuwa kokhala ndi kaboo kakang'ono, kamene amisiri akacha jeti. Propane ali ndi mphamvu yotentha yoposa ya gasi wa m'mipope kawiri ndi theka, ndiponso afika ku citofu atapanikizidwa kopambana, cotero afuna kaboo kocepa. Akapita pa jeti ya gasi wa m'mipope, malawi akhala atali, acikasu ndi amwaye, nanyambita mphika kufikira m'zogwirira. Opanga zitofu amaika kathumba ka majeti ena m'bokosi, ndipo nzacisoni kuti kathumbako kamatayidwa pamodzi ndi mapepala. Kunsi kwa citofu kapena m'buku lace muli cizindikiro: G20 ndi gasi wa m'mipope, G30 ndi butane, G31 ndi propane. Mmisiri asintha majeti onse, mutu uli wonse ndi jeti ya nambala yace, kenaka akonza kasikuluu ka m'kati mwa cotsegulira kuti moto waung'ono usazime munthu akaucepetsa. Kukulitsa kapena kufinya kaboo ka jeti ndi singano kapena msomali ndiko kuononga citofu.

Pakati pa silinda ndi citofu payenera kukhala regulator. Tsiku lofunda pang'ono, la madigiri 20, mphamvu ya gasi m'silinda ya propane ifika pa mabaa 7, kuposa katatu mpweya wa m'tayala la galimoto, ndipo m'mwezi wa October, silinda ikakhala padzuwa, mphamvuyo ikwera kopitirira. Citofu cifuna kacigawo kakang'ono cabe: ku Britain muyeso wa propane ndi mamilibaa 37, ku South Africa gasi wa m'nyumba ayenda pa mamilibaa 28. Regulator ndiyo itsitsa mphamvuyo, ndipo nambala yolembedwa pa iyo igwirizane ndi yolembedwa pa citofu. Zilipo zina zogulitsidwa pa msika zokhala ndi cotembenuzira coonjezera mphamvu. Zimenezo nza mbaula zazikulu zophikira pa ukwati kapena pa maliro, ndipo siziyenera citofu ca m'khichini.

Paipi ikhale yopangidwira gasi, yolembedwa muyeso wace ndi caka cimene inapangidwa. Paipi yothirira m'dimba siyenera konse, pakuti gasi aidya pang'onopang'ono kufikira icita ming'alu yosaoneka ndi maso. Malamulo a ku South Africa salola kuti paipi yofewayi ipitirire mamita awiri, kapena ikhale yolumikiza pakati, kapena ipyole khoma. Kumene gasi ayenda mtunda wotalikirapo aikako paipi yamkuwa kapena yacitsulo. Nsonga zace zimangidwe ndi zomangira zacitsulo za sikuluu. Waya ndi mphira wa cubu ca njinga zathandiza pa zinthu zambiri m'maiko muno, koma pano ai. Paipi isakhudze mbali yotentha ya uvuni, isapindike, ndipo mwini nyumba aziiyang'ana, popeza makoswe amaitafuna. Ambiri odziwa nchitoyi alangiza kuisintha pakapita zaka zisanu ngakhale ioneke yabwino.

Silinda iime ciriri nthawi zonse. Odzaza amasiya gawo limodzi mwa magawo asanu lopanda madzi, kuti mpweya ukhale pamwamba ndi kuti madziwo apeze malo akafufuma ndi kutentha. Silinda ikagona, madzi ndiwo alowa mu regulator, ndipo ku citofu kubuka moto wosaletseka. Malo ace abwino ndi panja, pa mthunzi, pa simenti yosalala, kutali ndi khomo ndi zenera mita imodzi, ndi kutali ndi ngalande mamita awiri. Ikakhala m'nyumba, ikhale yaing'ono, ndipo kabati yace ikhale ndi ziboo pansi zotulukira kunja.

Pomanga regulator, moto wonse ukhale wozima, ndudu yomwe, ndipo zotsegulira za citofu zikhale zotseka. Pa masilinda ambiri a ku South Africa ndi a propane a ku Britain mazinga ace ngakumanzere: nati ilimba ikatembenuzidwa mobwerera, mosiyana ndi mabauti a njinga, ndipo kawirikawiri ili ndi timizere todula m'ngondya zace tosonyeza zimenezi. Ayambe kuilowetsa ndi dzanja kuti mazinga asapingasane, natsirize mofatsa. Cotseka mpata ndi mphuno ya regulator kapena kamphira kace, cotero kukulunga tepi yoyera ya mipope ya madzi pa mazingawo sikuthandiza kanthu, ndipo kumanga ndi mphamvu yonse ndiko kunang'alula nati ya ku London ija.

Tsono ifika nthawi yoyesa. Asungunule sopo m'madzi kufikira acite thobvu, atsegule silinda pang'onopang'ono, napake thobvulo polumikizira pali ponse ndi pa paipi yonse. Pamene thobvu litukumuka ndi kukula, pamenepo gasi ali kuthawa. Atseke silinda, akonze, nayesenso. Kufunafuna pothawira gasi ndi macesi kapena kandulo ndi cizolowezi cimene capsereza nkhope zambiri. Pambuyo pace ayatse mitu yonse umodziumodzi. Lawi labwino ndi labuluu, lalifupi ndi lokhazikika. Lacikasu lisonyeza kuti gasi sali kupsa bwino, ndipo lingatulutse carbon monoxide, mpweya wakupha womwe uja wocokera ku mbaula ya makala m'cipinda cotseka, umene ulibe pfungo ndipo uyamba ndi litsipa ndi cizungulire. Nchifukwa cace zenera la khichini likhale lotsegula pophika.

Nchito yosintha majeti ndi kuyala mapaipi njoyenera mmisiri wobvomerezeka. Ku Britain, kuyambira 2009, ocita nchito ya gasi alembedwa m'kaundula wa Gas Safe Register, ndipo ku South Africa mmisiri wolembedwa apereka cikalata cotsimikiza kuti zonse zaikidwa monga mwa lamulo. Abale okhala kumeneko asakhale opanda cikalataco. Ku Malawi malonda a gasi ayang'aniridwa ndi MERA, ku Zambia ndi Energy Regulation Board.

Pfungo likamveka m'nyumba, munthu atseke silinda, atsegule zitseko ndi mazenera onse, makamaka zitseko popeza gasi ali pansi, ndipo asakhudze swici ya magetsi, kuyatsa kapena kuzimitsa, pakuti kanthethe ka m'kati mwace kakwanira kuyatsa moto. Ana ndi okalamba atuluke, telefoni akaimbire panja. Ngati moto wagwira pa silinda ndipo dzanja silingafike pa cotsekera, onse acoke apite kutali, aitane ozimitsa moto, nawauze kukula kwa silindayo ndi malo amene yaima.