Ngakhale Bungwe la Boma Liyenera Kutsata Lamulo

Inu alimi a ku Namitambo, tamverani nkhani iyi. M'chaka cha 2021 bungwe la Boma loyang'anira malonda, la CFTC, linalamula kampani ya mafoni ya Airtel kulipira chindapusa cha K2.1 biliyoni, ponena kuti inamana anthu ambiri bonasi ya Khethekhethe. Kampaniyo inakadandaula ku Bwalo Lalikulu la milandu, ndipo mu 2023 bwalolo linagamula kuti lamulo la 1998 silinapatse bungwelo mphamvu yolipiritsa chindapusa.

Tsono mu 2024 Aphungu anakhazikitsa lamulo latsopano lopatsa bungwelo mphamvuyo. Chotero wogula nandolo wanu kapena wogulitsa feteleza akakunyengani, musangodandaula pakhomo. Kaneneni ku CFTC, pakuti tsopano bungweli likhoza kulanga wonyenga.