A Julius Chongo, Wailesi ndi Alembi a Patsinde pa Sapitwa

Mwa anyamata ndi asungwana amene amatsiriza Folomu 4 m'sukulu za m'boma la Mulanje chaka ndi chaka, alipo ena amene amabwerera kumudzi atapanira kope limodzi limene mphunzitsi sadaliwonepo. M'kopemo mulibe masamu ngakhale sayansi. Muli nkhani zopeka zimene mwini wake adazilemba mobisa, mwina usiku anzake atagona. Akafika kwawo ku Limbuli, ku Nkando kapena ku Chinakanaka, funso limene limamsowetsa tulo ndi lakuti, kodi nkhanizi adzaziwerenga ndani? Osindikiza mabuku ali kutali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo ambiri mwa iwo mtima wawo uli pa mabuku a m'kalasi pakuti ndiwo ali ndi msika. Malo a nkhani zopeka m'nyuzipepala nawonso ndi ochepa zedi. Mapeto ake kope lija limadyedwa ndi chiswe kudenga, kapena amayi amang'ambako masamba n'kukulungira zitumbuwa.

Tsono lero, awerengi, tikambe za mlembi wina wa chinenero chathu amene sadadikire wosindikiza kuti anthu amve nkhani zake. Ameneyu ndiye malemu Julius Chongo wa ku Zambia.

Kuti timvetse ntchito ya a Chongo tiyambe ndi wailesi yeniyeniyo. Nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka idatsegulidwa m'chaka cha 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Nkhondo itatha, nyumbayi idapatsidwa udindo woulutsira anthu akuda a m'maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo Chinyanja chidali chimodzi mwa zinenero zake. Chovuta chidali chakuti munthu wamba sakadatha kugula wailesi. Mkulu woyang'anira zofalitsa nkhani kumeneko, a Harry Franklin, adapempha kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange kawailesi kotsika mtengo koyendera batire. Kawailesiko kadafika mu 1949, kooneka ngati poto wophikira, ndipo mtengo wake udali mapaundi 5. Azungu adakatcha Saucepan Special. Kuyambira pamenepo mawu a munthu mmodzi ali ku Lusaka adayamba kumveka m'midzi ndi m'makomboni mwa anthu amene sadapondeko pakhomo la sukulu.

Zambia italandira ufulu wodzilamulira mu 1964, nyumba ija idakhala wailesi ya dzikolo. M'menemo ndimo a Chongo adatchukira, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'zaka za m'ma 1970, ndi pulogalamu yawo yotchedwa Poceza M'madzulo. (Musadabwe ndi kalembedweko, anzathu a ku Zambia amalemba c pamene ife timalemba ch.) Dzina lokhalo likutiuza kale cholinga chawo: kutenga macheza a pamoto, a nthawi ija ntchito zatha ndipo nsima yadyedwa, n'kuwalowetsa m'bokosi la wailesi.

Chodabwitsa chidali chakuti a Chongo ankasewera okha. Wofotokoza nkhani adali iwo, mfumu adali iwo, nkhalamba yachikazi adali iwo, kamwana kolira adali iwo omwewo. Ankasintha liwu, kulikweza, kulitsitsa, kulinjenjemeretsa, kotero kuti womvera ankaona ngati m'nyumba youlutsira mawu mwadzaza gulu. Zina mwa nkhani zawo zidali nthano zamakedzana zimene ankazisokanso mwa njira yawoyawo. Zina zidali za moyo wa masiku awo, za anthu ochoka kumudzi kukakumana ndi zokoma ndi zowawa za m'tauni. Pambuyo pake nkhani zawo zina zidasindikizidwa m'buku lotchedwa Fumbi Khoboo! Onani dongosolo lake: kudayamba ndi liwu, buku lidabwera m'mbuyo. Ambiri a ife timaganiza kuti mlembi ayenera kuyamba waona dzina lake pachikuto ndiye anthu amdziwe. A Chongo adadziwika ndi anthu zikwizikwi amene sakadatha n'komwe kuwerenga dzinalo.

Komatu pasapezeke wina woganiza kuti kusimba nkhani pa wailesi ndi kungotenga kope n'kuyamba kuwerenga. Khutu lili ndi malamulo ake osiyana ndi a diso. Wowerenga buku akasokonezeka amabwerera tsamba lam'mbuyo. Womvera alibe kobwerera, mawu akapita apita. N'chifukwa chake nkhani yolembera khutu imafuna anthu ochepa, atatu kapena anayi, ndiponso maina osafanana kamvekedwe. Mukaika Chikondi, Chisomo ndi Chifundo m'nkhani imodzi, agogo amene akumvera kwinaku akusenda nandolo sadzadziwa amene wakwatiwa ndi amene wamwalira. Kubwereza mawu, kumene pa chimangirizo cha mayeso kumachotsetsa malikisi, pa wailesi ndiko kumagwira womvera padzanja. Ngakhale kukhala chete kwa kamphindi kali ndi ntchito yake: pamene wolemba buku amayamba ndime yatsopano, wosimba amangopuma, ndipo mtima wa womvera umagunda.

Chida chachikulu kuposa zonse ndi mvekero, ndipo a Chongo adali katswiri pa chimenechi. Mutu wa buku lawo lija ndi umboni wokwanira. Tiyeni tipereke chitsanzo chathuchathu. Wophunzira wakhama angalembe kuti, “Bamboyo adatsegula chitseko nalowa m'nyumba, ndipo adadabwa kwambiri poona kuti mudalibe munthu ngakhale katundu.” Chiganizochi chilibe cholakwa, koma n'chozizira ngati phala ladzulo. Wosimbira khutu anganene kuti, “Bambo uja chitseko kwee, n'kulowa. Kuyang'ana uku, zii. Kuyang'ana uko, zii. Ngakhale mphasa yomwe, psiti!” Apa womvera walowa nawo m'nyumbamo ndipo kudabwako wakumva yekha, osachita kuuzidwa.

Pano tilankhule nanu pang'ono, inu aphunzitsi a Chichewa. Timaphunzitsa mvekero ngati mtundu wa mawu woti ana aloweze pokonzekera mayeso, koma mwana akaugwiritsa ntchito m'chimangirizo ena a ife timaudula ndi cholembera chofiira, ati n'chilankhulo cha kumudzi. Potero timaphunzitsa ana kulemba Chingerezi chovala malaya a Chichewa. Mwana amene kunyumba amaseketsa abale ake mpaka kugwetsa misozi, akagwira cholembera amauma gwa, chifukwa tidamuuza kuti zolemba ndi zolankhula siziyenderana. Bwanji osapatula phunziro limodzi pa sabata loti aliyense aimirire n'kuwerengera anzake nkhani yake mokweza? Pamene anzakewo ayambe kuyasamula kapena kuyang'ana pawindo, mlembi wamng'onoyo adzadziwa yekha ndime yofunika kudula, ndipo sadzaiwala.

Tibwerere kwathu kuno ku Mulanje, pakuti nakonso kudatuluka mlembi wa nkhani zazifupi amene ulendo wake udadzera njira ina. A Ken Lipenga adabadwa m'chaka cha 1952 ku Phalombe, nthawi imeneyo Phalombe ili mbali ya boma la Mulanje. Adaphunzira ku Chancellor College, kumene kuyambira mu 1970 kudali gulu la alembi lokumana kuwerengerana ndi kudzudzulana zolemba zawo, gulu limene lidasula anthu ngati a Jack Mapanje. Mu 1981 a Popular Publications a ku Limbe adasindikiza buku lawo la nkhani zazifupi lotchedwa Waiting for a Turn. Nkhani imene idapatsa bukulo dzina idachitikira pa Sapitwa penipeni, nsonga ija yotalika mamita 3,002: munthu wotopa ndi moyo akwera phiri kuti akathere komweko, koma apeza kuti kuli kale mzere wautali wa anthu ena odikira nthawi yawo. Ndi nkhani yoseketsa ndi yoluma nthawi imodzi, ndipo amene adaiwerenga saiiwala. A Lipenga pambuyo pake adakhala mkonzi wa nyuzipepala, kenaka phungu ndi nduna ya boma.

Nkhani imeneyi idalembedwa m'Chingerezi, monga momwe a Steve Chimombo adalembera ndakatulo zawo za Napolo zimene zidatuluka m'buku mu 1987. Sitikuwadzudzula ayi, Chingerezi ndicho chidali chinenero cha kukoleji, ndipo chidatengera dzina la Sapitwa ndi la Napolo kutali kumene Chichewa sichikadafika. Koma taganizani za mayi wothyola tiyi ku Lujeri, kapena bambo wonyamulira alendo katundu pa Likhubula. Phirilo amaliona tsiku lililonse, za Napolo adazimva ali pamsana, koma ndi angati mwa iwo adamvapo nkhani zimenezi? Eni phiri ndiwo adatsala kunja kwa mpanda. Nkhani yonga imeneyi itamasuliridwa, mwini wake atalola, n'kusimbidwa bwino pa wailesi madzulo amodzi, ingafike m'makutu ambiri a m'bomali kuposa amene bukulo lawafikira pa zaka zonsezi.

Ndipo zoti mlembi wa kuno asimbe sizisowa. Pali zimene akuluakulu amanena za mizimu ya m'phiri, imene imasiyira wapaulendo chakudya choti adye yekha osaitana mnzake. Pali moyo wa m'makomboni a m'minda ya tiyi, pali malonda ndi mabodza a pachipata cha Muloza, pali maukwati a Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao okhala mudzi umodzi. Pali madzi aja adasesa midzi ku Phalombe mu Malichi 1991, ndi namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene zilonda zake sizidapole m'mabanja ambiri. Bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025, makamaka kaamba ka miyambo ndi zikhulupiriro za anthu olizungulira. Zikhulupiriro zimenezo sizili m'miyala, zili m'kamwa mwa anthu.

Wailesi ya MBC, imene idakhazikitsidwa mu 1964, idazoloweretsa Amalawi masewero monga Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino, ndipo a Story Workshop adabwera ndi Zimachitika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Koma sewero limalira gulu, kukonzekera ndi ndalama zoyendera. Njira ya a Chongo imalira munthu mmodzi ndi nkhani yabwino basi. Masiku ano safunikanso kupita ku Lusaka kapena ku Blantyre: m'boma momwe muno muli wailesi ya Mzati, ndipo foni ya m'manja imajambula mawu bwino lomwe ngati munthu wadzitsekera m'chipinda chopanda phokoso, tambala ndi njinga zamoto zili kutali. Nkhani ya mphindi khumi imayenda pa WhatsApp kuchoka ku Chitakale kukafika kwa mbale amene ali ku Johannesburg tsiku lomwelo.

Tisanamizane, njirayi ili ndi minga yake. Ndalama sizibwera msanga, mwinanso osabwera n'komwe, pakuti chinthu choyenda pa foni aliyense amachiyesa chaulere. Wina angathe kutenga nkhani yanu n'kuisimba ngati yake. N'chifukwa chake ndi bwino kutchula dzina lanu ndi tsiku poyamba pa chojambulacho, ndiponso kudziwa ntchito ya bungwe la COSOMA limene limateteza umwini wa zaluso. Munga wina ndi wobisika: mlembi akaona kuti mabungwe amalipira nkhani zokhala ndi uthenga, amayamba kulemba ulaliki m'malo mwa nkhani, anthu ake onse n'kumalankhula ngati alangizi a zaumoyo. Womvera si mwana. Akangonunkhiza phunziro lokakamiza amapotokola wailesi.

Munga waukulu ndi wakuti liwu limauluka. Pulogalamu ikatha, chotsala ndi chikumbukiro cha amene adamvera, ndipo iwowo akamwalira zonse zapita. Kuti lero tikutha kukamba za luso la a Chongo mwatsatanetsatane, mbali yaikulu ndi chifukwa cha a Ernst Wendland, mphunzitsi wa ku America amene ankakhala ku Lusaka. Iwowa adatenga nkhani zojambulidwa n'kuzilemba papepala liwu ndi liwu. Adazifufuza mpaka kulandira nazo digiri yaukachenjede ku yunivesite ya Wisconsin mu 1979, ndipo mu 2004 adatulutsa buku la zina mwa nkhanizo pamodzi ndi kumasulira kwake m'Chingerezi, losindikizidwa ndi yunivesite ya Zambia. A Wendland omwewa adathandiza nawo pa ntchito yomasulira Buku Loyera limene lidatuluka mu 1998, buku limene anthu ambiri amalimva likuwerengedwa m'tchalitchi koposa kuliwerenga okha. Kuno kwathu, a National Library Service mogwirizana ndi nthambi ya UNESCO ya m'Malawi adayamba mu 2012 kuyendera midzi kujambula nthano kwa okalamba, poopa zomwezi.

Motero kope lija musalitaye mukayamba kujambula mawu. Foni imagwa m'madzi, khadi losungira mawu limafufutika, nyumba ya wailesi imasintha eni ake. Lembani nkhani yonse, isimbeni, kenaka bwererani ku kope mukakonze malo amene lilime lidapunthwa, ndipo chojambulacho muchisunge pawiri. Ngati agogo anu amasimba m'Chilhomwe, ajambuleni m'Chilhomwe momwemo, nyimbo za m'kati mwa nthanozo ndi mayankho a ana omvera zonse zimveke. Kumasulira mudzachita pambuyo pake.